Mawu Opendekera Kumanzere

Abambo a ku bekale, kophikira buledi, atalowanso atanyamula galamafoni yawo, ataikulunga m'bulangete ngati mwana wodwala, ndinaimitsa makina osokera. Ndinadziwa kuti tsiku limenelo diresi ya mwiniwake sitha.

Ine ndi achimwene timagwirira ntchito m'chipinda chimodzi. Mbali ya kuzenera ndi yanga, ndine telala. Mbali ya kukhoma ndi yawo: tebulo lalitali, mawailesi otsegulidwa m'mimba, timabotolo ta tizitsulo, ndi masipika awiri aakulu omwe munthu saloledwa kuikapo ngakhale kapu ya tiyi. Achimwene amakonza chilichonse choyimba, koma chimene chinawatchukitsa ndi magalamafoni. Anthu atayambiranso kukonda mbale zakuda za nyimbo zija, zomwe tonse tinkati zinapita, anapeza kuti odziwa kukonza makina ake ena anamwalira, ena anathawira ku mafoni. Anatsala achimwene. Anthu amachokera kutali, ndipo akafika pakhomo amangofunsa kuti, "Kodi a Khutu ndi pano?" Dzinali amalikonda, ngakhale amanamizira kukwiya nalo.

"A Khutu, pepani, ndabweranso," anatero abambo a ku bekale, akutsitsa katunduyo patebulo. "Mayi uja sakukhazikika. Wathawiranso kumanja."

Mayi amene ankanenedwayo ndi woyimba wa m'mbale imene achimwene amayesera makina. Mawu ake amayenera kumveka pakati penipeni pa masipika awiri, ngati waima kutsogolo kwako. Akamveka mbali imodzi ndiye kuti china chalakwika. Chifukwa cha achimwene, makasitomala onse anazolowera kunena za woyimba aliyense ngati munthu woyendayenda m'nyumba.

"Kumanja?" anatero achimwene. "Pano anachoka ali pakati. Kwanuko masipika munawaika bwanji? Simunabise imodzi kuseri kwa kabati?"

"Ali momwe munandiuzira. Mwana wanga anachita kuyeza ndi chingwe."

"Ufa, ndiye. Inu chilichonse mukagwira chimatuwa."

Anaseka onse awiri, koma ine sindinaseke. Aka kanali kachitatu galamafoni imeneyi kubwera. Poyamba inangobwerera singano yatsopano. Mayi wa ku saluni nayenso anabweza yake kawiri, kenako anangosiya kubwera, ndipo ndinamva ku sitolo ya mabatani kuti anaitumiza kwina. Kumeneko ndi kumene wina ananena, osadziwa kuti ndine mlongo wawo, kuti a Khutu ntchito yayamba kuwathawa m'manja.

M'manja sinawathawe. Ine ndinkadziwa pamene panali vuto, ndipo ndinali nditadziwa kwa miyezi. Achimwene khutu lakumanja linali likufa. Akakhala patebulo lawo ine ndimakhala kumanja kwawo, ndiye ndinkalankhula osayankhidwa. Poyamba ndinkati ndi matama, poti matama ndiwo sawasowa. Kenako ndinaona kuti foni akuimvera kumanzere kokha, ndipo kasitomala akamalankhula iwo amapotoza khosi ngati nkhuku yoyang'ana kabawi. Nditawafunsa alamu anga, anangoti, "Kunyumba wailesi ya kanema timamvera limodzi ndi aneba. Koma mukawauze ndinu, achemwali awo. Ine ndikangoyamba amati ndikuwafunira ukalamba."

Ndiye munthu umayamba bwanji kuuza a Khutu kuti khutu lawo latha? Ndi khutu lomwelo analipirira ana sukulu, ndi lomwelo anandipezera ine malo osokera ukwati wanga utatha. Ndinkaopa kuti ndikanena adzatseka tebulo lija n'kukakhala kunyumba kudikira imfa, chifukwa achimwene ndi munthu wotero, sadziwa kuchita chinthu mwatheka. Ndinasankha kukhala chete, ndipo chete wangayo ankandiwawa tsiku lililonse.

Achimwene anavala magalasi awo okulitsa zinthu nayamba ntchito. Kuwaonerera akugwira ntchito kumakoma, ngakhale utakwiya nawo. Kunsonga kwa mkono wa galamafoni kumakhala kamutu kakang'ono, iwo amati katiriji, ndipo ndi kamene kamanyamula singano. Kamagwidwa ndi tisikuluwu tiwiri tating'ono kwambiri, toti kakagwa pansi tonse timagwada kufunafuna. Kanjira ka pambale kamene singano imayendamo kali ndi makoma awiri, lina limapereka mawu ku sipika ya kumanzere, lina ku ya kumanja. Singano ikapendekeka imatsamira khoma limodzi. Zimenezi ndinazimva kambirimbiri moti ndikhoza kuphunzitsa kalasi.

Atamasula tisikuluwu, pansi pa kamutu paja panagwa kapepala kopindapinda. Anali ataikamo okha ulendo wathawo, kuti kamutu kapendekeke pang'ono, mawu akankhikire kumanja. Anakatola msanga nakabisa m'thumba, koma ine ndinakaona.

Anaika pa galamafoni kakhadi kawo ka mizeremizere, natsitsa singano pa kadontho koyamba. Anasuzumira kutsogolo, kuona ngati mbali za kamutu zikutsata mizere. Anakasuntha pang'ono ndi chikhadabo, natsitsanso pa kadontho kachiwiri, nabwereranso pa koyamba. Kenako anaika kagalasi pansi pa singano. Singano ndi chithunzi chake m'galasimo zimayenera kupanga mzere umodzi woongoka, wopanda bondo. Anayeza kulemera kwa mkono pa kasikelo kawo, nakonza kachitsulo kolendewera pa ulusi kamene kamaletsa mkono kuthamangira pakati pa mbale. Pomaliza anamanga tisikuluwu mosinthanasinthana, aka pang'ono, ako pang'ono, kuti kamutu kasapotoke. Pa zonsezi dzanja silinanjenjemere ngakhale kamodzi.

Analumikiza galamafoniyo ku ampu ya abambo a ku bekale, bokosi lokweza mawu lomwe anabwera nalonso, naika mbale yoyesera. Anakokera mpando pakati pa chipinda, moyang'anana ndi masipika, nakhala n'kutsinzina. Umu ndi mmene amamalizira ntchito iliyonse: amatsinzina, n'kuloza ndi chala pamene woyimba waima.

Mayi uja anayamba kuyimba. Ine, ngakhale ndinali pambali, ndinamva kuti mawu akhala bwino. Abambo a ku bekale anaima kumbuyo kwa mpando naomba m'manja.

"Eya! Ndi pomwepo. Musagwirenso chilichonse."

Chala cha achimwene chinakwera pang'onopang'ono n'kuloza kufupi ndi sipika ya kumanzere.

"Ayi," anatero. "Ali uku."

"Koma ine ndikumumva pakati, a Khutu."

"Inu mumadziwa buledi. Akapsa mbali imodzi ine sindikutsutsani."

Abambo a ku bekale anandiyang'ana, ine ndinayang'ana ulusi. Anati ali ndi mabanzi mu uvuni, abweranso madzulo. Ali pakhomo anatembenuka natulutsa mbale ina m'chikwama.

"Muimverenso iyi. Yayamba kuchita phokoso ngati mafuta pamoto, mbali imodzi yokha. Ndi ya gulu limene malemu bambo anga ankayimbamo gitala. Ina ngati imeneyi sindinaionepo kwina kulikonse."

Atachoka, achimwene anayamba kusaka vuto mwa njira yawo. Lamulo lawo ndi lakuti usinthe chinthu chimodzi chokha, kenako umvere. Vuto likasamuka, ndiye kuti lili m'chimene wasinthacho. Likakhala pomwepo, chisiye, pita pa china. Anasinthanitsa mawaya awiri ochokera ku galamafoni, wofiira kupita kwa woyera, woyera kwa wofiira. Anakhala pampando, natsinzina, naloza kumanzere. Galamafoni inalibe mlandu. Anachotsa ampu ya eni ake naika yawo, chala chinapitanso kumanzere. Ananyamula masipika olemera aja, akubuula, kuwasinthanitsa malo. Kumanzere. Anasintha mawaya a masipika, anapukuta polumikizira ponse ndi mankhwala awo onunkha aja, anasintha ngakhale mbale. Woyimba wachiwiriyo anali bambo wa mawu aakulu, nayenso anakakhala kumanzere komweko.

Anaima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno, akuyang'ana uku ndi uku. Maso awo anafika pa ine.

"Ndi nsalu zakozi."

"Nsalu zanga zatani?"

"Zikumeza mawu. Taona mulu umenewo, wadzaza mbali yonse ya kumanja. Kale sunkaunjika chonchi."

"Achimwene, nsaluzi zakhala pamenepa chilowereni ine m'chipinda chino."

"Tatulutsa tione."

Ndinatulutsa. Ndinanyamula mipukutu yonse, mayunifolomu a ana a sukulu, makatani a eni ake, mpaka chidole changa choyezera madiresi, kukaziunjika pakhonde ngati tasamutsidwa. Wogulitsa nsapato woyandikana nafe anafunsa ngati tayambana. Ndinati ayi, tikuchapa mawu. Ndinabwerera m'kati thukuta lili kamukamu.

Achimwene anakhalanso pampando m'chipinda chopanda nsalu. Chala chinakwera, chinazengereza pang'ono, n'kupita kumanzere.

Anapita patebulo, napisa m'thumba, nayamba kuwongola kapepala kaja kuti akabwezeretse pansi pa kamutu. Pambali pawo panali mbale ya bambo ake a munthu, ikudikira kuyesedwa ndi singano yopendekeka. Pamenepo ndi pamene chete wanga anathera.

"Achimwene, musaikemo kapepalako."

Sanamve. Ndinazungulira tebulo n'kukaima kumanzere kwawo.

"Ndati musaikemo kapepalako. Mwasinthanitsa zonse, koma chatsala chimodzi."

"Chiti?"

"Amene akukhala pampandoyo."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukutanthauza chiyani?"

"Tembenuzani mpando, mufulatire masipika. Mayiyo akakhala ku sipika yomweyo, ine ndine wabodza, ndipo nsalu zanga zigona pakhonde. Koma akasamukira ku inayo, ndiye kuti akutsatira inu."

Nkhope yawo inachita mdima. Ndinawaonapo atakwiya kambiri, koma apa mkwiyo unasakanikirana ndi mantha, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinalakalaka nditameza mawu anga.

"Iwe," anatero motsitsa mawu, "ntchito imeneyi ndinaiyamba usanadziwe kumanga lamba wa nsapato. Soka madiresi."

Anavula magalasi, nawaponya patebulo, natuluka. Anadutsa pakati pa nsalu zanga pakhonde osayang'ana kumbali.

Ndinalowetsa katundu wanga ndekha, ndikulankhula ndekha ngati wamisala. Ndinakhala pamakina n'kusoka mpendero wa diresi, ndipo ndinausoka mokhota, ndinachita kuusomola. Nthawi ya chakudya chamasana inadutsa. Ndinayamba kuganiza zoti ndiwaimbire alamu, ndiwauze kuti ndaswa mphika, ndanena za khutu lija, ndipo abwere tidzatolere limodzi.

Dzuwa litapendeka anabwera. Sanandiyang'ane. Anatseka chitseko, chinthu chimene sitichita masana, nati, "Taimitsa makinawo."

Ndinaimitsa. Anaika mbale yoyesera, nagwira mpando, nautembenuza. Anakhala atafulatira masipika, nkhope italoza kuchitseko, natsinzina. Mayi uja anayamba kuyimba. Dzanja lawo linakhala pabondo nthawi yaitali. Kenako linakwera n'kuloza cha kumbuyo, kudutsa paphewa la kumanzere. Anatsegula maso natembenuka kuti aone kumene chala chaloza. Chinali pa sipika inayo, imene tsiku lonse ankati ikuchepa mphamvu.

Anabwezera mpando momwe unalili, namvera. Anautembenuzanso, namveranso. Achimwene sakhulupirira chinthu chimene achiyesa kamodzi. Kenako anatseka khutu lakumanzere ndi chala, nakhwatchitsa zala za dzanja linalo pafupi ndi khutu lakumanja. Anazisendeza pafupi, nakhwatchitsanso. Anadzuka n'kukachotsa singano pambale, chifukwa ngakhale zinthu zitavuta bwanji sangasiye singano ikuzungulira pachabe.

"Unadziwa liti?" anafunsa.

"Kalekale."

"Alamu ako?"

"Iwonso."

"Ndiye ndinatsala ndekha."

"Tinkaopa, achimwene."

"Munkaopa chiyani? Kuti ndikudyani?"

"Kuti musiya ntchito."

Anavalanso magalasi, natenga mbale ya abambo a ku bekale, naipendeketsa pansi pa nyale ya patebulo. Anaiyang'ana ndi galasi lokulitsa, akuizungulitsa pang'onopang'ono. Ataiika pansi anapukuta manja pa thalauza, ngakhale manjawo anali oyera.

"Yadyeka khoma limodzi," anatero. "Ndi kapepala kaja. Phokoso limeneli silidzachokanso."

Anatola kapepalako nakaponya m'bini. Kenako anatsegula ampu ya eni ake. M'katimo muli kogudubuza kakang'ono kokweza mbali imodzi, ndipo ndinazindikira kuti nakonso anali atakapotoza pang'ono ulendo woyamba uja. Anafukula pansi pa mawaya mita yawo yoyezera mphamvu ya mawu, yomwe amati ndi ya anthu osamva, naipukuta fumbi. Anayeza mbali ya kumanzere, nayeza ya kumanja, napotoza kogudubuzako mpaka manambala anafanana. Anaikanso kagalasi pansi pa singano kuti atsimikize kuti mzere uli woongoka.

"Bwera ukhale apa," anatero, akuloza mpando.

"Ine?"

"Pali winanso muno? Khala. Usatsamire, ongola msana. Tsinzina."

Pampando umenewo ndinali ndisanakhalepo. Ndinatsinzina, mayi uja nayamba kuyimba, ndipo anali kutsogolo kwanga kwenikweni, pafupi moti ukanatha kumuyeza chiuno. Ndinaloza.

"Ukunena zoona? Usandisangalatse."

"Ndi liti ndinakusangalatsanipo inu?"

Anaima kumbuyo kwanga, mutu wawo pamwamba pa wanga, akumvera nawo. Ndinamva akupuma.

"Ine ndikumumva uko," anatero, ndipo sindinafunike kutsegula maso kuti ndidziwe kumene akuloza. Anapita patebulo, natenga sikuludiraiva yaing'ono, nalimbitsa tisikuluwu komaliza osasuntha kalikonse. Anatseka ampu namanga chivundikiro chake.

Abambo a ku bekale anafika ali ndi ufa m'nsidze. Anakhala pampando, namvera, namwetulira. Achimwene anadikira nyimbo ithe, kenako anawapatsa mbale ya bambo awo ndi manja awiri.

"Makina anu analibe vuto. Vuto linali khutu langa, lakumanjali. Ndinapendeketsa singano kuti igwirizane ndi ine, ndipo yakudyerani mbale iyi mbali imodzi. Iyimbabe, koma phokosolo likhalapo. Pepani kwambiri."

Abambowo anaitembenuza mbaleyo uku ndi uku. Zinawapweteka, zinkaoneka. Anaibwezera m'chikwama mosamala.

"Gitala akumveka?" anafunsa.

"Akumveka."

"Basi. Bambo anga nawonso ankayimba m'malo aphokoso." Ananyamula galamafoni yawo, nafika pakhomo, naima. "Nanga singano ikadzatha, ndidzapite kuti?"

Achimwene anayang'ana tebulo lawo, nayang'ana mita ija, nayang'ana ine. Yankho la funso limeneli ndi limene ndinkaliopa miyezi yonseyi.

"Mudzabwere," anatero. "Koma mudzapeze telalayu alipo."

Titatsala awiri anayamba kutchula anthu amene anawakonzera chaka chino, mmodzimmodzi, kuti onse aitanidwe abweretse makina awo. Za mayi wa ku saluni, achimwene anati akamuona okha. Ine ndinati ngati ndayamba ntchito yokhala pampando, mpandowo auikire khushoni, poti ndi wouma ngati benchi ya kuchipatala. Anati telala ndine, ndisoke ndekha.

Tinatseka chipinda kunja kukadali kowala. Timayenda limodzi mpaka pamphambano, pomwe iwo amakhotera kwawo ine kwathu. Msewu unali wodzaza, magalimoto akulizirana mahutala, ogulitsa akulongedza katundu wawo. Ndinkayenda kumanja kwawo osaganizako. Nditalimba mtima ndinati mawa ndikhoza kuwaperekeza kwa dokotala wa makutu, mwina pali chimene angachite, mwinanso ndi kamakina kovala kaja.

Anayenda masitepe angapo osayankha. Mumtima ndinati basi, ayambanso matama awo. Koma anaima, nandigwira paphewa kuti nane ndiime, nazungulira kumbuyo kwanga n'kudzaima mbali inayo. Anaweramitsa mutu, khutu lakumanzere lili kwa ine, pakati pa anthu onse aja.

"Sindinamve, chemwali," anatero. "Tanenanso."

Miyezi yonseyi anali asananenepo mawu amenewo kwa munthu aliyense. Misozi inandilengeza, ndipo ndinachita kudikira basi ina idutse kuti mawu anga abwerere. Kenako ndinanenanso, pang'onopang'ono, ndipo anati tipite m'mawa, tisanatsegule.